Kusankha sunagoge woti akakuwerengeni, osati kungokulandirani ngati mlendo

Ambirife tikamva za sunagoge timangoganiza za m'Baibulo basi, ngati zinathera nthawi ya atumwi, koma abale athu amene ali ku London, Manchester, Johannesburg kapena Cape Town akudziwa kuti masunagoge alipo ndipo Loweruka lililonse anthu amapita kukapemphera. Kalembera wa 2021 ku England ndi Wales anapeza Ayuda pafupifupi 270,000, ku South Africa alipo cha m'ma 50,000, nde sizodabwitsa kuti mtsikana wakwathu wapeza banja ndi Myuda, wina akugwira ntchito yosamalira agogo achiyuda ku Golders Green ku London kaya ku Glenhazel ku Johannesburg mpakana mtima wayamba kukopeka ndi mapemphero awo, winanso bambo ake anali Myuda mayi ake Mchewa ndipo wakula akufuna kudziwa mbali inayo. Onsewa amathera pa funso limodzi loti ndipite kuti koti akandilandire mmene ndililimu.

Ine ndimati kulandiridwa kokha sikokwanira ayi. Kumudzi mlendo timam'phera nkhuku, kumuyalira mphasa yatsopano, koma pabwalo la milandu salankhula ndipo munda sitim'gawira. Masunagoge pafupifupi onse mlendo amam'sekerera, amam'patsa buku ndi pokhala, vuto palibe. Chofunika kufufuza ndi choti mukakhalitsa adzakuwerengani kapena ayi, ndipotu m'Chiyuda kuwerenga kumeneku ndi kwenikweni kochita kuloza ndi maso. Pali mapemphero ena oti sangachitike pokhapokha pakhale Ayuda akuluakulu 10, gulu limeneli amalitcha minyan. Kutulutsa mpukutu wa Torah, mabuku asanu a Mose, kuti uwerengedwe pagulu pamafunika minyan, pemphero la Kaddish limene munthu amanena akaferedwa limafunanso minyan. Ndiye ngati m'chipinda muli anthu 9 inu n'kulowa, anthu aja n'kupitiriza kuyang'ana kukhomo kudikira wina, mwadziwiratu pamene mwaima.

Apa ndi pomwe magulu a Chiyuda amasiyanirana. A Orthodox amatsatira malamulo monga anawalandirira kwa makolo, minyan amawerenga amuna okha, azimayi amakhala mbali yawo kuseri kwa chotchinga chotchedwa mechitza kapena m'chipinda cham'mwamba, mapemphero onse ndi a Chiheberi, ndipo pa Sabata sayendetsa galimoto kapena kugwira foni, n'chifukwa chake amakonda kukhala nyumba zoyandikana ndi sunagoge kuti azingoyenda wapansi. Ku Britain gulu lawo lalikulu ndi United Synagogue lomwe linakhazikitsidwa mu 1870, ndipo rabi wamkulu wa kumeneko kuyambira 2013, Ephraim Mirvis, anabadwira ku Johannesburg komweku. A Reform anayambira ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, kachisi wawo wa ku Hamburg anatsegulidwa mu 1818, ndipo maganizo awo anali oti Chiyuda chiziyenda ndi nthawi, anthu azipempheranso m'chinenero chimene akumva. Ku London sunagoge wawo woyamba, West London Synagogue, anayamba mu 1840. Kenako mu 1902 Lily Montagu ndi Claude Montefiore anayambitsa gulu lina lomasuka kwambiri lomwe linadzatchedwa Liberal Judaism, ndipo awiriwa, Reform ndi Liberal, mu 2025 anavota kuti aphatikizane akhale gulu limodzi la Progressive Judaism. Pakatikati pali a Masorti, ku America amawatcha Conservative, iwowa Chiheberi ndi chambiri ngati a Orthodox koma m'masunagoge awo ambiri amuna ndi akazi amakhala limodzi ndipo onse amawerengedwa. Ku South Africa Ayuda ambiri ndi a Orthodox, koma a Progressive aliponso kuyambira m'ma 1930, Temple Israel ya ku Hillbrow inatsegulidwa mu 1936 pansi pa Rabi Moses Cyrus Weiler, ku Cape Town kulinso Temple Israel ina.

Za azimayi zinatenga nthawi olo kwa omasukawo. Mayi woyamba kudzozedwa urabi anali Regina Jonas ku Germany mu 1935 ndipo anaphedwa ku Auschwitz, msasa umene a Nazi ankapherako Ayuda, mu 1944, kenako panadutsa zaka zambirimbiri mpaka Sally Priesand ku America mu 1972 ndi Jackie Tabick ku Britain mu 1975. Lero mukalowa sunagoge wa Progressive n'kupeza mayi atavala chofunda chopempherera cha mphonje chija, tallit, akutsogolera mapemphero, palibe amene amatembenuka n'komwe.

Komatu musathamangire kunena kuti basi a Orthodox ndi ouma mtima, omasukawo ndiye abwino. Sizili choncho. Pali mabanja a Orthodox oti Lachisanu madzulo samadya okha, tebulo lawo limakhala ndi alendo sabata ndi sabata, ndipo pali azimayi ambiri oti kukhala mbali yawo amakuona ngati mtendere osati kusalidwa. Palinso masunagoge omasuka oti pa webusayiti analemba zokoma zokhazokha, aliyense ndi wolandiridwa, koma mukapita mumaima nokha ndi kapu m'manja anthu akucheza ndi odziwana nawo kuyambira ku sukulu. Nde dzina la gulu limangokuuzani malamulo, mtima wa anthu ake muyenera kukauona nokha, osati kamodzi kokha.

Musanapite lembani imeyilo kapena imbani foni ku ofesi mkati mwa sabata, munene dzina lanu, kuti ndinu mlendo komanso chimene mukufunira kubwera. Osangotulukira. Pageti mukapeza alonda, mwina akufunsani chiphaso, mwina asecha chikwama, ndipo izi zili ndi chifukwa chomvetsa chisoni. Pa 27 October 2018 munthu wamfuti anapha anthu 11 mu sunagoge wa Tree of Life ku Pittsburgh, mu 2019 wina anayesa kuthyola chitseko cha sunagoge ku Halle ku Germany pa tsiku la Yom Kippur, tsiku lopatulika kwambiri pa chaka cha Ayuda, ndipo mu October 2025 anthu awiri anafa pa chiwembu cha pa sunagoge wa Heaton Park ku Manchester, pa Yom Kippur pomweponso. Anthu amenewa amapemphera ali ndi mantha enieni. Koma ifenso akhungu lakuda tili ndi pathu pomwe pamapweteka, chifukwa si kamodzi Myuda wakuda woti ndi membala wa zaka zambiri waimitsidwa pageti n'kufunsidwa mafunso pomwe mzungu wachilendo wadutsa osafunsidwa kanthu. Si ine ndikupeka, bungwe loimira Ayuda ku Britain, Board of Deputies, linakhazikitsa komiti yofufuza za tsankho la khungu m'magulu awo, wapampando wake anali mtolankhani Stephen Bush, ndipo lipoti lake la mu 2021 linanena poyera kuti alonda asamakayikire munthu chifukwa cha khungu. Choncho kufunsidwa ulendo woyamba musakhumudwe nako, koma muonetsetse ngati onse achilendo akufunsidwa mofanana, ndiponso ngati patapita miyezi akukufunsanibe ngati sanakuonenipo. Mukadandaula kwa rabi kapena wapampando, mmene ayankhire ndi mmene mudziwire zambiri za malowo kuposa zonse zolembedwa pa intaneti.

Mkati mwake Loweruka m'mawa zimakhala motere. Pakhomo pali kadengu ka tizipewa tating'ono, kippah, amuna mumatenga kamodzi n'kuika pamutu olo musakhale Myuda, koma tallit musavale, ndi ya Ayuda okha. Foni muzimitsiretu. Buku la mapemphero limatsegulidwa kuchokera kumene ife timati kumapeto poti Chiheberi chimawerengedwa kuyambira kumanja kupita kumanzere, nde mlendo aliyense amayamba wasochera kaye. Apa yang'anani ngati wotsogolera akumatchula nambala ya tsamba, ngati bukulo lili ndi mawu a Chiheberi olembedwanso m'zilembo zathuzi kuti osadziwa athe kuimba nawo, ngati munthu wakhala pafupi nanu akukankhirani buku lake n'kukulozerani ndi chala pamene afika. Pakati pa mapemphero amatsegula kabati yakutsogolo, onse amaimirira, n'kutulutsa mpukutu wa Torah, mabuku asanu a Mose olembedwa pamanja pa chikopa, utavekedwa nsalu yokongola ndi timabelu tasiliva pamwamba tikulira ngwe ngwe ngwe pamene akuuzungulitsa pakati pa anthu. Anthu amatambasula dzanja kuukhudza ndi mphonje ya tallit kapena ndi buku, kenako n'kupsompsona mphonjeyo, ana amathamangira kutsogolo kuti awukhudze nawo. Ndiyeno amayamba kuitana anthu mmodzimmodzi ndi mayina awo a Chiheberi kuti akwere pa nsanja akadalitse kuwerengako, ulemu umenewu ndi aliyah. Ine apa ndi pomwe ndimatsegula maso kwambiri. Akuitanidwa ndi ndani? Muli azimayi? Muli munthu wakuda kapena wa ku India? Nanga wa pa njinga ya olumala angakwere bwanji ngati nsanjayo ili ndi masitepe okhaokha? Masunagoge ena anamanga potsetsereka, ena amatsitsa tebulo lonse pansi kuti aliyense afike, ena sanaganizepo n'komwe. Mwana wa autism akayamba kupanga phokoso, kodi anthu akutembenuka ndi nkhope zokwinya kapena mapemphero akungopitirira mayi ake osachita manyazi?

Mapemphero akatha pamakhala kiddush, amadalitsa vinyo m'timakapu ting'onoting'ono ndi buledi woluka uja wotchedwa challah, pamakhala tinsomba, makeke, tiyi. Musathawe nthawi imeneyi chonde, olo muli ndi manyazi. Imani pafupi ndi tebulo muone amene abwere. Pali kusiyana pakati pa munthu wofunsa kuti dzina lanu ndani, mwabwera bwanji, mudzabweranso sabata yamawa, ndi wofunsa kuti kodi inuyo ndinu Myuda bwanji. Funso lachiwirili kwa munthu wakuda limabwera pafupipafupi ndipo limatopetsa, makamaka kwa amene anabadwa Myuda. Chonsecho mwambo wawo womwe umaletsa kukumbutsa munthu wotembenuka za kumene anachokera.

Nkhani yovuta kwambiri, ndipo ndi imene imaliza anthu misozi pambuyo pake, ndi yoti Myuda ndi ndani. Kwa a Orthodox ndi a Masorti mwana ndi Myuda ngati mayi ake ndi Myuda, kapena ngati watembenuka motsatira malamulo. Bambo yekha sakwanira. A Reform a ku America mu 1983 anagamula kuti mwana wa kholo limodzi lachiyuda, kaya bambo kaya mayi, ndi Myuda bola waleredwa m'Chiyuda, a Liberal ku Britain nawonso amatero ndipo a Reform a ku Britain anatsegula njira yofananako mu 2015. Tsono taganizani mlongo wathu wakwatiwa ndi Myuda, iye sanatembenuke, ana abadwa. Ku sunagoge wa Liberal anawo alowa sukulu ya Chiheberi, pa zaka 13 achita bar mitzvah kapena bat mitzvah, mwambo woti mnyamata kapena mtsikana wakula m'chipembedzo, awerenga Torah pamaso pa onse agogo akulira ndi chimwemwe. Koma mwana yemweyo akadzakula n'kufuna kukwatira ku Orthodox adzamuuza kuti iwe si Myuda, uyambe watembenuka. Ku Israel ndi chimodzimodzi pa nkhani ya ukwati chifukwa maukwati a Ayuda kumeneko ali m'manja mwa arabi a Orthodox, ngakhale lamulo lopatsa Ayuda ufulu wosamukira m'dzikolo limafika mpaka kwa mdzukulu wa Myuda. Sindikunena kuti pachifukwa chimenechi musapite kwa omasukawo, ayi, ndikuti mulowe mukudziwa, ndipo rabi wabwino adzakuuzani yekha zimenezi musanafunse. Amene akubisirani kuti mungolembetsa, ameneyo sakukufunirani zabwino.

Funsaninso za mwamuna kapena mkazi wanu amene si Myuda ndipo alibe maganizo otembenuka. Angakhale membala kapena bwenzi chabe la sunagoge? Pa bar mitzvah ya mwana wake womubereka yekha, aloledwa kuima naye kutsogolo kapena azionera ali pampando? A Liberal ku Britain kuyambira 2020 amalola arabi awo kudalitsa banja la zipembedzo ziwiri pansi pa chuppah, kadenga kansalu kamene akwati amaimapo, pomwe a Orthodox ndi a Masorti sachita nawo ukwati wotere.

Pali nkhaninso imene kwathu timaizemba koma pano siingazembeke, ya anthu okondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Ambiri ofunafuna sunagoge wolandira aliyense ndi iwowa kapena makolo awo. Ku Los Angeles anachita kuyambitsa sunagoge wawowawo mu 1972, Beth Chayim Chadashim, ku New York Beit Simchat Torah mu 1973, ku London Beit Klal Yisrael mu 1990, chifukwa kwina konse ankangokhala chobisala. Lero a Reform, Liberal ndi Progressive a ku South Africa amamanga maukwati otere ndipo ali ndi arabi otero. A Orthodox samanga, ngakhale Rabi Mirvis mu 2018 anatulutsa malangizo oti ana otere m'sukulu zachiyuda asamazunzidwe. Kaya maganizo anu ndi otani pa nkhaniyi, dziwani kuti mukalowa sunagoge womasuka mukhala benchi imodzi ndi mabanja amenewa ndipo mukuyenera kuwapatsa ulemu womwewo umene inu mukufuna pageti paja. Simungapemphe kuti khomo likutsegukireni inu nokha.

Chenjezo limodzi kwa ife okulira m'tchalitchi. Pali magulu odzitcha Messianic, amavala kippah, amaliza lipenga la nyanga ya nkhosa, amaimba Chiheberi, koma amakhulupirira kuti Yesu ndi Mesiya. Magulu onse a Chiyuda, kuyambira Orthodox mpaka Liberal, amati chimenecho ndi Chikhristu. Ngati ndi chimene mtima wanu ukufuna palibe wokuletsani, koma musaganize kuti mwalowa Chiyuda, ndipo pepala lililonse limene angakupatseni silidzagwira ntchito ku sunagoge wina aliyense.

Za kutembenuka zenizenizo, Ayuda sayenda khomo ndi khomo kukopa anthu, saphunzitsa kuti amene si Myuda ndi wotayika, nde musadabwe rabi akamaoneka ngati sakuthamangira kukulandirani. Mwambo wakale umati amubweze munthu katatu kuti aone ngati watsimikiza, masiku ano ambiri sachita kubweza koma amakufunsani mafunso ozama, ena amati bwerani kaye muzingopemphera nafe miyezi ingapo. Mutha kumapita zaka osatembenuka ndipo palibe adzakukakamizeni. Mukatsimikiza pamakhala makalasi, kwa a Progressive chaka chimodzi kapena kupitirira kuti muone zikondwerero zonse, Rosh Hashanah, Yom Kippur, Sukkot, Pasika ndi zina, mukuphunzira kuwerenga Chiheberi, mbiri, zakudya zololedwa ndi kasungidwe ka Sabata. Kwa a Orthodox zimatenga zaka zingapo, muyenera kusamukira pafupi ndi sunagoge ndipo ku London amafunanso kuti mukhaleko m'nyumba ya banja losunga malamulo kwa kanthawi. Pamapeto mumaonekera pamaso pa beit din, bwalo la oweruza atatu, kenako mumamira thupi lonse m'madzi a mikveh, dziwe la mwambo woyeretsa, n'kulandira dzina la Chiheberi. Amuna pali mdulidwe, ndipo ngati munadulidwa kale kaya kuchipatala kaya kuchinamwali, a Orthodox ndi a Masorti amangotulutsa kadontho kamodzi ka magazi ngati chizindikiro, kwa a Progressive zimasiyana nde funsani. Chachikulu pa zonse ndi choti mukusiya chikhulupiriro choti Yesu ndi Mulungu kapena Mesiya, palibe gulu lolola kuti mugwire uku ndi uku. Kwa munthu woti amayi ake ndi a Mvano kapena a Chigwirizano imeneyi si nkhani yamasewera, ndi yofunika kukhala pansi ndi akuluakulu kunyumba musanafike patali, ndipo sunagoge wabwino adzakuthandizani kuganiza mmene muzikachezera kwanu pa Khrisimasi osanyoza makolo. Kumbukiraninso kuti kutembenuka kwa ku Reform kapena Masorti a Orthodox sakuvomereza. Abayudaya a ku Mbale ku Uganda, amene anayamba Chiyuda ndi Semei Kakungulu cha m'ma 1919, akuidziwa bwino nkhaniyi, ambiri anatembenuzidwa ndi arabi a Conservative mu 2002, rabi wawo Gershom Sizomu anadzozedwa ku Los Angeles mu 2008, komabe kuvomerezedwa ndi boma la Israel kwakhala kovuta.

Ndalama. Pa Sabata sagwira ndalama nde mbale ya chopereka simudzaiona, sunagoge amayendera fizi ya umembala yolipira pamwezi kapena pachaka, ku Britain imatha kufika mapaundi mahandiredi angapo pachaka. Pa Rosh Hashanah ndi Yom Kippur anthu amachuluka moti malo ambiri amalowetsa ndi matikiti, nde imeneyo si nthawi yabwino yoyambira kucheza. Ngati thumba ndi loperewera nenani, pafupifupi onse amatsitsa kwa ophunzira, okalamba ndi osowa ntchito, koma onani mmene akuchitira, kodi ndi kukambirana mwakachetechete ndi msungichuma mmodzi kapena akufuna muonetse masitetimenti a kubanki kwa komiti yonse.

Mkati mwa fizi imeneyi ku Britain nthawi zambiri mumakhala ndalama ya maliro, ndipo apa ife tiyenera kudekha kwambiri. Ayuda amaika maliro mwachangu, tsiku lomwelo kapena lotsatira ngati n'kotheka, thupi limasambitsidwa ndi gulu la anthu odzipereka lotchedwa chevra kadisha, limavekedwa nsalu yoyera wamba, bokosi lake losakongoletsa, kenako abale amakhala m'nyumba masiku 7 a shiva anthu akubwera ndi chakudya kudzapanga minyan kuti anamfedwa anene Kaddish. Ife tikafera kunja abale amasonkha ndalama pa WhatsApp kuti thupi likwere ndege likagone kumudzi pafupi ndi makolo, ndipo zimatenga masabata. Ziwirizi zimawombana. Munthu amene mwatembenuka muyenera kusankha mukadali moyo, kulemba, ndi kuuza mbali zonse ziwiri, kupanda kutero mudzasiya mkazi wanu akukangana ndi malume anu pa foni thupi lili kumochale. Funsani ngati ndalama ya maliroyo ingathandizeko potumiza thupi kwanu kapena imangogwira ntchito pa manda awo okha, funsani ngati olowa atakula kale amalipira zoonjezera poti nthawi zambiri amatero, ndipo funsani ngati mnzanu wa m'banja amene si Myuda angadzagone pambali panu. Manda a Orthodox salola, manda ena a Progressive anapatula gawo la mabanja otere.

Kwa amene muli ku Lilongwe, Blantyre kapena Chipata ndipo mukuwerenga izi ndi chidwi, Ayuda kwathuku ndi ochepa zedi, timagulu tomwe tinali ku Lusaka, Harare ndi Bulawayo tinachepa kwambiri anthu atasamuka, magulu amphamvu apafupi ali ku South Africa. Masunagoge ambiri a Progressive amaulutsa mapemphero a Lachisanu madzulo ndi Loweruka pa YouTube kapena Zoom kuchokera nthawi ya Covid, mutha kuonera ndi kuphunzira zambiri ndithu. Koma arabi ambiri odalirika savomera kutembenuza munthu amene alibe gulu loti azipemphera nalo pafupi, nde wina akakulonjezani satifiketi ya Chiyuda pa intaneti m'masabata ochepa bola mutumize madola, musatumize.